Kusankha galaja yokonzera mutu wa injini: malangizo kwa mabanja a ku Massangulo, Mandimba ndi Cuamba

M'maboma a Ngauma, Mandimba ndi Cuamba, kumwera kwa chigawo cha Niassa, banja limene lapeza kangachepe pogulitsa fodya, thonje, soya kapena nyemba kawirikawiri limaika ndalamazo mu injini, kaya ndi ya chigayo cha dizilo, ya njinga yamoto yonyamula anthu, ya pampu yothirira kudimba, kapena ya galimoto yonyamula katundu mumsewu wa N13 umene umachokera ku Nampula kudzera ku Cuamba ndi ku Mandimba mpaka ku Lichinga. Injini yotere ikayamba kufooka, kuwira kapena kutulutsa utsi woyera, mwini wake amamva malangizo osiyanasiyana, ndipo ambiri mwa malangizowo amakhudza chigawo chapamwamba cha injini chimene amakaniko amachitcha hedi, kapena cabeça do motor m'Chipwitikizi, chomwe m'kabuku kano chikutchedwa mutu wa injini. Wina amati mutuwo ukapalidwe, wina amati mavalavu aperedwe, ndipo masiku ano, pamene makanema a magalimoto ampikisano akufika m'mafoni a achinyamata, akupezekanso ena onena kuti mipita ya mpweya ikuzidwe kuti injini iwonjezere mphamvu. Ntchito zitatu zonsezi zimachotsa chitsulo pamutu, ndipo chitsulo chikachoka sichibwereranso, n'chifukwa chake kusankha munthu woti agwire mutuwo kumafuna kufatsa kwakukulu kuposa kusankha wosintha oyilo kapena womata tayala.

Mutu wa injini ndi zimene zili m'kati mwake

Mutu wa injini ndi chivundikiro cholemera chimene chimatseka pamwamba pa silinda, ndiko kuti chibowo chozungulira chomwe pisitoni imakwera ndi kutsika m'kati mwake. Pakati pa mutu ndi thupi la injini pamakhala gasiketi, yomwe m'Chipwitikizi imatchedwa junta, ndipo ntchito yake ndi kulekanitsa zinthu zitatu zosayenera kukumana, zomwe ndi moto wa m'silinda, madzi oziziritsa ndi oyilo. M'kati mwa mutu muli mipita ya mitundu iwiri, wina wolowetsa mpweya ndi wina wotulutsa utsi, ndipo kukamwa kwa mpita uliwonse kuli valavu, kachitsulo kooneka ngati bowa wa tsinde lalitali kamene kamatsegula ndi kutseka njirayo. Valavu ikatseka imatsamira pa mphete yachitsulo cholimba imene amakaniko amaitcha siti, pamene tsinde lake limayenda m'kampope kotchedwa gayidi. Mu injini ya chigayo yozungulira maulendo 2,200 pa mphindi, valavu iliyonse imatsegula ndi kutseka maulendo 1,100 pa mphindi imodziyo, ndipo ulendo uliwonse iyenera kutseka moti ngakhale kampweya kakang'ono kasapulumuke. Mu injini zoziziritsidwa ndi madzi, mipita yonseyi yazunguliridwa ndi njira za madzi, ndipo khoma lolekanitsa mpweya ndi madziwo m'malo ena ndi lochindikala mamilimita owerengeka chabe.

Mitu imapangidwa ndi zitsulo za mitundu iwiri. Injini za dizilo za silinda imodzi zochokera ku China, monga S195 ndi ZS1115, pamodzi ndi injini za Toyota za 3L ndi 5L zimene zili m'magalimoto ambiri a Hilux ndi Hiace, zili ndi mitu yachitsulo chakuda cholemera, chotchedwa ferro fundido. Njinga zamoto za 125 ndi 150 cc, ndiponso injini monga 1KZ-TE, zili ndi mitu ya aluminiyamu. Aluminiyamu imapindika msanga injini ikawira, pamene chitsulo chakuda chimakonda kung'aluka, makamaka pakampata ka pakati pa mavalavu awiri, ngati munthu wathira madzi ozizira pamutu wotentha kwambiri. Mwini injini ayenera kudziwa mtundu wa mutu wake asanapite kugalaja, popeza kayezedwe ndi kakonzedwe ka zitsulo ziwirizi n'kosiyana.

Kupala mutu, kumene amakaniko amati kusikima kapena rectificação, ndiko kuchotsa kachitsulo kopyapyala pankhope ya mutu ndi makina kuti nkhopeyo iwongokenso ndi kugwirana bwino ndi gasiketi. Kupera mavalavu ndiko kukonzanso malo amene valavu ndi siti zimakumana, omwe mu injini zambiri amadulidwa mopendekeka madigiri 45, ndipo ntchitoyi imaphatikizapo kusintha magayidi otha. Ntchito ziwirizi zimabwezera mutu pafupi ndi mmene unalili pochokera kufakitale. Yachitatu, yomwe m'Chingerezi imatchedwa porting, ndi yamtundu wina, chifukwa cholinga chake ndi kusintha maonekedwe a mipita amene opanga injini anakonza.

Kukuza mipita: kumene kumathandiza ndi kumene kumawononga

Luso losema mipita ya mpweya linakulira m'mipikisano ya njinga zamoto ndi magalimoto ku Ulaya ndi ku America, ndipo mmodzi mwa akatswiri ake oyambirira anali Harry Weslake wa ku England, amene anadziwika ndi kuyeza kayendedwe ka mpweya m'mitu ya injini. Magalaja ochita ntchitoyi mwaukadaulo amakhala ndi makina otchedwa flow bench, amene amayamwa mpweya kudzera mumpita pa mphamvu yokhazikika, kawirikawiri yofanana ndi kulemera kwa madzi otalika mainchesi 28, n'kuonetsa kuchuluka kwa mpweya umene wadutsa valavu itatsegulidwa pang'ono, pakatikati ndiponso kwathunthu. Mmisiri amayeza asanayambe, amasema pang'ono, amayezanso, ndipo amaonetsetsa kuti masilinda onse akulandira mpweya wofanana. Popanda makina amenewa, munthu wosema mpita alibe njira yodziwira ngati wawongola kapena wawononga, chifukwa mpita wonyezimira ndi wotakata bwino m'maso ukhoza kudutsitsa mpweya moipa kuposa mmene unalili.

Chifukwa chake chimamveka mosavuta kwa aliyense amene anathirirapo mbewu kudimba. Madzi oyenda m'ngalande yopapatiza amathamanga ndi kufika kumapeto kwa bedi ali ndi mphamvu, koma madzi omwewo akalowa m'ngalande yotakata amayenda mwaulesi n'kumatsalira m'njira. Mpweya nawo umadzaza silinda bwino ukakhala ndi liwiro. Injini yampikisano imene imazungulira maulendo 6,000 kapena kuposerapo pa mphindi imakoka mpweya wochuluka moti mpita waukulu umaithandiza, koma injini yogwira ntchito yolemetsa ikuzungulira pang'onopang'ono imataya mphamvu yokoka ngati mpita wake wakuzidwa. Njinga ya kabaza yokwera chitunda kuchokera ku Mandimba kulowera ku Massangulo itasenza munthu ndi thumba la chimanga imadalira mphamvu yokoka yomweyi, ndipo mwini wake akakuza mipita amapeza kuti njingayo ikufuna magiya otsika pamalo pamene kale inkakwera bwinobwino, kwinaku ikumwa petulo wambiri.

Pa injini za dizilo nkhaniyi ndi yoopsa koposa. Dizilo amapsa bwino pokhapokha mpweya wa m'silinda ukuzungulira ngati kamvuluvulu, ndipo opanga injini amapeza kamvuluvuluyo m'njira ziwiri. Mu injini zimene nozo imapopera mafuta mwachindunji pamwamba pa pisitoni, monga ZS1115, mpita wolowetsa mpweya unapangidwa mokhota mwadala kuti uzizungulitsa mpweyawo, kotero munthu amene waona kukhotako n'kukuyesa chilema chofunika kuchisalaza amachotsa chinthu chenicheni chimene chimapsereza mafuta, ndipo zotsatira zake ndi utsi wakuda ndi kutha kwa dizilo. Mu injini zina, monga 3L ndi 5L, mafuta amayamba kupsa m'kachipinda kakang'ono ka m'mutu momwemo, kofanana ndi kamene Harry Ricardo anatulutsa mu 1931 ndi dzina lakuti Comet, ndipo kukamwa kwa kachipindako kuli ndi muyeso wake wosayenera kukhudzidwa. Pa chigayo, pa pampu ndi pa galimoto ya dizilo yonyamula katundu, kukuza mipita kulibe phindu loti banja lingatayirepo ndalama, ndipo makaniko woumiriza ntchitoyi pa injini zotere ndi wofunika kumukana mwaulemu.

Pamene kusema kungathandize ndi pa injini ya petulo imene mwini wake wasinthanso zinthu zina zogwirizana nazo, monga kabureta, paipi ya utsi ndi kamushafuti, chomwe ndi chitsulo cha mabampu chimene chimakankha mavalavu. Ngakhale pamenepo, phindu lalikulu limachokera pa kachigawo kakang'ono ka kunsi kwa siti, pamene pamatsalira timizere ta chitsulo kuchokera kufakitale, ndiponso pa kudula siti mopendekeka patatu, madigiri 30, 45 ndi 60, kuti mpweya uzikhota mosavuta. Mmisiri wodziwa amachotsa chitsulo chochepa kwambiri, amasiya mpita wolowetsa uli wokhakhala pang'ono kuti petulo asamaundane m'makoma, ndipo amadziwa mbali imene njira ya madzi yayandikira. Wosadziwa amaboola khomalo, ndipo mutu wobooka chotero nthawi zambiri umangotayidwa.

Mutu usanamasulidwe

Kufooka kwa injini kumayamba kawirikawiri ndi zinthu zotsika mtengo zimene sizifuna kumasula mutu. Sefa ya mpweya imatsekeka msanga ndi fumbi la miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo m'nyumba ya chigayo imatsekekanso ndi ufa wouluka. Kampata ka pakati pa valavu ndi chokankhira chake kamasintha pakapita nthawi, nozo imatha, maring'i a pisitoni amalekerera. Makaniko woyenera amayamba waona zimenezi, ndipo ngati ali ndi geji yoyezera kupanikizika kwa mpweya m'silinda amaiika asananene kuti vuto lili m'mutu. Palinso chinthu china chimene chimaiwalika m'dera lino, chomwe ndi kukwera kwa malo. Injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 pa mamita 100 aliwonse amene yakwera, chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, choncho galimoto yogulidwa kudoko la Nacala ikafika ku Lichinga, komwe n'kokwera mamita oposa 1,300, imakhala itataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo 10 ili yabwinobwino. Injini yooneka yaulesi ku Massangulo kuposa mmene inalili ku Cuamba sikuti nthawi zonse ikudwala.

Zizindikiro zoloza mutu weniweni ndi izi: madzi kumatha popanda poonekera pamene akudontha, thovu kumatuluka m'redieta kapena m'thanki ya madzi injini ikulira, oyilo kusanduka ngati tiyi wamkaka, ndi utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha.

Kuzindikira galaja yoyenera

Dera la Massangulo lili ndi mbiri yakale ya amisiri, popeza mishoni imene ansembe a Consolata anatsegula kumeneko mu 1928 inadziwika ndi kuphunzitsa ntchito zamanja, ndipo ulemu umene anthu amapereka kwa mmisiri, pomutcha mestre, ndi woyenera. Komabe pa mutu wa injini pali miyeso imene diso ndi chala cha mmisiri aliyense sizingaione. M'mabuku a opanga injini zambiri, kupindika kovomerezeka kwa nkhope ya mutu kuli pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.15, ndipo muyeso woyambawo ndi wochepa kuposa kuchindikala kwa pepala la m'kope. Funso loyamba kwa galaja iliyonse likhale lokhudza zoyezera.

Kayezedwe kake mwini injini akhoza kukaonerera yekha. Mmisiri amatsuka nkhope ya mutu mpaka zotsalira za gasiketi yakale zitachoka, kenaka amagoneka lula wachitsulo wowongoka pamwamba pake, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa kuchokera kungodya ina kupita kungodya ina. Pansi pa lulayo amayesa kulowetsa timasamba tachitsulo topyapyala tolembedwa manambala, totchedwa filageji kapena apalpa-folgas, ndipo tsamba lalikulu limene lalowa ndilo muyeso wa kupindikako. Galaja yabwino imatchula nambalayo, imaiyerekeza ndi malire a injiniyo, ndipo ngati mutu uli m'malire imanena poyera kuti supalidwa. Galaja imene imaika mutu uliwonse pamakina isanayeze imadya moyo wa mutuwo pachabe, pakuti mutu uli ndi malire a kuchindikala amene ukawapitirira mavalavu amayandikira pisitoni mpaka kugundana nayo. Pali amakaniko ena amene amakwecha mutu pa sandipepa woyalidwa pagalasi kapena pa simenti. Pa kamutu ka njinga yamoto njira ya galasi ikhoza kuthandiza ngati kupindika n'kochepa, koma pa mutu wautali wa masilinda anayi imadya m'mphepete n'kusiya pakati.

Chachiwiri ndi kufufuza ming'alu, chifukwa kupala mutu wong'aluka ndi kutaya ndalama kawiri. Njira yodalirika ndi kutseka mabowo onse a madzi, kupopera mpweya m'kati, ndi kumiza mutu m'madzi ofunda, momwe mng'alu umadziulula ndi kamzere ka thovu kokwera pamwamba. Pa chitsulo chakuda ena amagwiritsa ntchito maginito ndi ufa wachitsulo umene umaunjikana pamng'alu, pamene pa aluminiyamu, yomwe sigwira maginito, amapaka utoto wofiira wolowerera umene umatulukiranso pamalo ong'aluka. Galaja yopanda njira ngakhale imodzi mwa izi iyenera kunena kumene imatumiza mitu kuti ikayezedwe.

Chachitatu ndi mavalavu, ndipo apa pali mayeso amene safuna makina. Ntchito ikatha ndipo mavalavu amangidwa ndi masipuling'i ake, mutu umagonekedwa cham'mbali, parafini amathiridwa mumpita mpaka kudzaza, ndipo mwini wake amayang'ana kunkhope ya valavu kwa mphindi zingapo. Valavu yotseka bwino imakhala youma, pamene yotayirira imayamba kunyowa m'mphepete. Mmisiri wokhulupirika sakwiya akapemphedwa mayeso amenewa. Ndi bwinonso kufunsa ngati magayidi ayezedwa, popeza valavu yogwedera m'gayidi yakutha imawononganso siti yatsopano m'miyezi yochepa.

Pa injini za dizilo za magalimoto, galaja yodziwa imafunsanso za kutalika kumene pisitoni imatulukira pamwamba pa thupi la injini, chifukwa magasiketi a injini zimenezi amabwera m'makulidwe osiyana, ozindikirika ndi timabowo kapena timano ta m'mphepete, ndipo kusankha kwake kumatsata muyeso umenewo. Kwa amene akufunadi kusemetsa mipita ya injini ya petulo, mafunso owonjezera ndi akuti galajayo ili ndi flow bench kapena ayi, ipereka manambala a mpweya olembedwa a ntchito isanayambe ndi itatha kapena ayi, ndiponso inagwirapo mutu wa mtundu womwewo kangati. Mmisiri amene amayamba ndi kufunsa ntchito imene injiniyo imagwira tsiku ndi tsiku, katundu amene imanyamula ndi misewu imene imayenda, ndiye woyenera kumumvera. Umboni wina wosavuta kuupeza uli kwa eni zigayo ndi madalaivala a minibasi zotchedwa chapa a pa siteji, amene amadziwa mitu imene inabwerako n'kugwira ntchito chaka chathunthu ndi imene inawiranso mwezi usanathe.

Ulendo, mtengo ndi mapepala

Makina opalira mitu ndi oyezera ming'alu amapezeka kwambiri m'mizinda ikuluikulu monga Nampula ndi Blantyre, komabe mwini injini ayambe wafunsa ku Cuamba ndi ku Lichinga, ndipo aimbe foni kugalaja asananyamuke kuti atsimikize kuti makinawo akugwira ntchito. Wopita ku Nampula ali ndi msewu wa N13 ndi sitima yapamtunda yochokera ku Cuamba, pamene wopita ku Blantyre amadutsa chipata cha Mandimba ndi Chiponde, n'kutsikira ku Namwera, Mangochi, Liwonde ndi Zomba, ndipo ayenera kuuonetsa mutuwo kwa a kasitomu a mbali zonse ziwiri popita kuti pobwerera usaoneke ngati katundu watsopano wofunika msonkho. Asanalipire ulendo, aphatikize mtengo wa thiransipoti, malo ogona, ntchito yeniyeniyo ndi masiku amene chigayo chikhale chete, kenaka ayerekeze ndi mtengo wa mutu watsopano, chifukwa pa injini za silinda imodzi ndi pa njinga zamoto mitu yathunthu imagulitsidwa m'masitolo a masipeyala ndipo nthawi zina kugula kumaposa kukonzetsa. Pa chigayo, nthawi yabwino ya ntchito yotere ndi miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, pamene chimanga chachepa m'nkhokwe ndipo ogaitsa ndi owerengeka, ngakhale kuti imeneyi ndi nthawi imenenso ndalama zimasowa, choncho n'kwanzeru kupatula ndalamayo pa nthawi yokolola.

Mutu usanachoke pakhomo, ukhomedwe chizindikiro ndi panchi pambali yosapalidwa ndipo ujambulidwe ndi foni mbali zonse, kuti umene wapita ukhale womwewo wobwerako. Mavalavu akachotsedwa abayidwe pa katoni motsatana ndi malo awo, ndipo nkhope ya mutu ikutidwe ndi katoni yochindikala n'kumangidwa m'thumba, chifukwa kukandika kumodzi kochitika pansi pa mpando wa chapa n'kokwanira kudutsitsa moto pa gasiketi. Mtengo ugwirizanidwe mutu utayezedwa, ndipo risiti ikhale ndi dzina la galaja, nambala yake ya msonkho yotchedwa NUIT, ntchito iliyonse payokha, kuchuluka kwa chitsulo chimene chapalidwa ndi nthawi ya chitsimikizo. Ku Mozambique kuli lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, ndipo madandaulo amalandiridwa ndi bungwe la boma loyendera malonda, koma wodandaula wopanda pepala amavutika kutsimikiza mlandu wake. Zitsulo zakale zimene zasinthidwa zibwezedwe kwa mwini wake.

Kumanganso mutu

Ntchito yabwino ya kugalaja ikhoza kuwonongeka pa tsiku lomanga. Gasiketi ikhale yatsopano, nkhope ya thupi la injini nayo iyezedwe ndi lula, mabowo a mabawuti atsukidwe kuti musakhale madzi kapena oyilo, ndipo mabawutiwo amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, yotchedwa chave dinamométrica, kuyambira pakati kupita kumapeto, pang'onopang'ono maulendo angapo, motsata nambala za m'buku la injiniyo. Kumanga ndi sipanala wamba yolumikizidwa ku paipi kumapinda mutu umene wangowongoledwa kumene. Chimene chinawiritsa injini poyamba chiyeneranso kupezeka, kaya ndi redieta yotsekeka, lamba wa fani wolekerera, kapena thanki ya chigayo yodzaza ndi matope ndi miyala yoyera yochokera m'madzi a pachitsime, ndipo pamene mankhwala oziziritsa injini palibe, madzi amvula osefedwa ndi abwino kuposa a mumtsinje. M'sabata yoyamba injini isapatsidwe katundu wathunthu, ndipo m'mawa uliwonse isanalizidwe, mwini wake aone mlingo wa madzi ndi kunsi kwa chitsekero cha oyilo; akapeza madzi atsika kapena chitsekero chili ndi phala loyera, aimitse injiniyo ndi kubwerera kugalaja tsiku lomwelo atatenga risiti.